Ndale ndi kutukwana zikalowa pamalo oonera mpira, mupange bwanji?

Izi ndikulembera inu amene muli ndi malo oonetsera mpira, kaya ndi shoo ya vidiyo ya malata yokhala ndi mabenchi, kaya ndi bala ya ma TV awiri, komanso inu a komiti ya masapota m'madera amene mumasonkhetsa ya basi timu ikamakasewera kutali. Vuto lake mukulidziwa kale. Anthu alipira pakhomo, akhala bwinobwino, gemu yayamba, koma isanafike hafu taimu nkhani yachoka pa ofusayidi yapita pa chipani, yachoka pa chipani yafika pa mtundu wa munthu, kenako wina watchula mayi ake a mnzake nde basi mabenchi ayamba kugubuduzika. Sabata yotsatira madala aulemu aja sabweranso, azimayi ochepa omwe amabwera aja asiya, mwatsala ndi aphokoso okhaokha ndipo ndalama ya pakhomo yatsika.

Ine ndakhala mu komiti ya malo otere kwa nthawi ndithu ndipo zimandiwawa kuona malo abwino akufa chifukwa cha anthu atatu kapena anayi, nde ndiyika apa zomwe ndaona kuti zimathandiza.

Musayambe ndi kuletsa kugemulana

Eni malo ambiri akatopa amangolemba pa khoma kuti phokoso ayi, kunyozana ayi. Zimenezo sizigwira ntchito ndipo zikagwira ndiye kuti mwapha malo anu. Munthu sachoka kunyumba kwake komwe kuli wailesi n'kudzalipira kwa inu kuti adzakhale chete ayi, akufuna Maule (Bullets) akagoletsa atembenuke n'kumufunsa wa Manoma (Wanderers) uja kuti neba uli bwanji lero, akufuna Arsenal ikaluza amuyang'ane mnzake mpaka azyolike. Kumeneko ndiye kukoma kwa mpira ndipo kuyenera kutetezedwa.

Malire ake ndi awa, ndipo anenedwe mwachidule kuti olo woledzera awakumbuke: nyozani timu, nyozani kochi, dandaulani za refa, koma musakhudze mtundu wa munthu, makolo ake, chipembedzo chake, chilema chake ndi chipani chake. Kunena kuti goloboyi wanu manja ake ndi obowoka ndi macheza. Kunena kuti inu anthu akwanu ndi mmene mulili, pamenepo mpira watha kale. Aliyense amatha kumva kusiyana kwake, amene akuti sakukumva akungofuna kupitiriza.

N'chifukwa chiyani ndale sizichedwa kulowa

Apa ndichedwepo pang'ono chifukwa mukapanda kumvetsa gwero muzingothamangitsa anthu osalakwa. Mpira wa kuno ndi ndale zinalowererana kalekale. Bullets yomweyi, yomwe akuluakulu amaikumbuka ngati Bata Bullets, inakhalapo Bakili Bullets nthawi yomwe a Bakili Muluzi ankaithandiza ndi ndalama, ndipo mu 2004 Kinnah Phiri ali kochi inafika ndime ya magulu mu CAF Champions League. Wa Maule akamakumbukira chaka chimenecho ndi chimwemwe sikuti akupanga kampeni, akukamba mbiri ya timu yake, koma mnzake wa mbali ina amva ngati akutamanda UDF. Bwalo la ku Blantyre lija linali Kamuzu, kenako Chichiri, n'kubwereranso kukhala Kamuzu maboma akusinthana. La ku Lilongwe lomwe linatsegulidwa mu 2017 lili ndi dzina la Bingu. Mu 2019 chisankho chili pafupi kunabwera lonjezo loti boma limangira Bullets ndi Wanderers masitediyamu awoawo ndipo anthu amakanganabe za nkhani imeneyo. Onjezanipo kuti Silver Strikers ndi ya Reserve Bank, Blue Eagles ndi ya apolisi, Kamuzu Barracks, Moyale ndi MAFCO ndi za asilikali, Civo ndi ya ogwira ntchito m'boma, nde munthu akangonena kuti matimu ena amadya misonkho yathu wakhudza kale boma asakudziwa.

Ndiye mukangoti ndale ayi basi, mwadziyika pa mpanipani nokha chifukwa funso loti ndalama za Flames zichokera kuti, kapena bwalo lakuti likonzedwa liti, ndi nkhani ya mpira yeniyeni ndipo sapota ali ndi ufulu woifunsa. Chomwe ife tinagwirizana ndi chakuti nkhani ya boma yokhudza mpira ikambidwe, gemu isanayambe kapena itatha, koma ikangofika poti inu munavotera ndani imathera pomwepo. Kudandaula kuti bwalo silinamangidwe ndi bwino. Kuloza munthu chala kuti ndinu amene munatibweretsera mavutowa ndi kumene timadula.

Magetsi akathima pakati pa gemu

Iyi ndiye nthawi yoopsa kuposa zonse ndipo ambiri saizindikira. Mphindi 70, zigoli zili 1-1, kona yapatsidwa, kenako mdima bii. Masekondi ochepa oyamba aliyense amangoti aaah, koma pakangokhala chete pamatuluka liwu kumbuyo loti boma lanu ili, wina kutsogolo n'kuyankha kuti nanga lanu lija linkatani, ndipo poti kuli mdima aliyense amalimba mtima chifukwa nkhope siikuoneka. Ndewu zambiri zomwe ndaona zinayambira mumdima chonchi.

Mankhwala ake ndi kufupikitsa mdimawo. Jenereta ikhale yothira mafuta kale gemu isanayambe, chingwe cholumikiza kale, ndipo pakhale mnyamata mmodzi amene ntchito yake ndi kuthamangira kukailiza osati kuyamba kufunsana kuti kiyi ali ndi ndani. Dikoda imatenga kanthawi kuti ibwerere, nde pa nthawi imeneyo yatsani tochi kapena babu la sola kuti anthu azionana nkhope, komanso khalani ndi kawailesi ka mabatire kapena foni yoti wina azinena mokweza mmene gemu ikuyendera. Anthu akamamvetsera kuti kona ija yatha bwanji alibe mpata wokamba za nduna. Ngati mafuta asowa ndipo mukudziwa kuti jenereta siilira tsiku limenelo, auzeni anthu pakhomo asanalipire ndipo nenani kuti magetsi akapita mubweza zingati, chifukwa mkwiyo wa ndalama yopita pachabe ndi umene umasanduka mkwiyo wa ndale.

Malaya ndi mitundu yake

Wanderers ndi buluu, DPP ndi buluu. Bullets ndi yofiira, UTM ndi yofiira, ndipo nsalu ya Kongeresi nayo ili ndi kufiira. Yelo aliyense amadziwa kuti ndi UDF. Nde nthawi ya kampeni, ngati mmene zinalili chisankho cha pa 16 September 2025 chikuyandikira, munthu wovala jezi ya timu yake amapezeka akunenedwa za chipani chomwe mwina sachifuna n'komwe. Apa wa komiti alankhule msanga kuti jezi ndi jezi. Koma tisheti kapena kapu yokhala ndi nkhope ya wandale kapena chizindikiro cha chipani, ife timapempha munthu kuti avale jekete pamwamba kapena aitembenuze, ndipo timapempha mwaulemu poti ambiri amavala chifukwa ndi malaya omwe ali nawo. Akakufunsani kuti lamulo limeneli mwalitenga kuti, muwauze kuti olo osewera m'bwalo malamulo a mpira sawalola kuvala kapena kuonetsa uthenga wa ndale. Chachikulu ndi chakuti chipani chilichonse chikhudzidwe mofanana, cholamula ndi chotsutsa chomwe.

Mayina onyoza ndi nkhani ya mitundu

Kadeti, nyau, mbwenumbwenu, ndi ena oti sindingawalembe pano. Mawu awa amatuluka ngati nthabwala ndipo woyankhulayo amati timangocheza, koma taonani nkhope ya amene wanenedwayo. Amaseka pang'ono kuti asaoneke wofooka, kenako amakhala chete gemu yonse, ndipo mwina sabweranso kapena abwera ndi anzake atatu sabata yamawa atakonzeka. Zonse ziwiri ndi kuluza kwa inu.

Apa sipafunika kudikira. Liwu loyamba lomwelo wa komiti amuyandikire munthuyo, osakuwa kuchokera kutsogolo ayi chifukwa mukamukuwira pagulu mwamupatsa siteji ndipo sangabwerere m'mbuyo anzake akuona. Mugwireni paphewa n'kunena chapansipansi kuti achimwene, za timu nenani mmene mungathere koma za mtundu zisiyeni. Ngati ndi wamkulu, bambo kapena madala, muwapemphe kuti mulankhule nawo panja pang'ono, ndipo amene akuwalankhulayo akhale wa msinkhu woyandikana nawo, osatuma kamnyamata kokadzudzula munthu wa imvi chifukwa pamenepo mwayambitsa mlandu wina. Anthu ambiri akalankhulidwa chonchi amasiya. Akabwereza tsiku lomwelo atuluke, ndipo mubwezereni ndalama yake ya pakhomo pomwepo anthu akuona kuti asapeze ponamizira kuti mwamubera.

Chomwe chimandikhudza kwambiri pa nkhani iyi ndi chakuti matimu athuwa alibe mtundu. Pitani ku Karonga mukapeza a Maule, pitani ku Nsanje mukapeza a Manoma, ndipo m'timu iliyonse ya mu ligi muli anyamata ochokera zigawo zonse zitatu akupatsirana mpira. Mu January 2022 ku Cameroon, Gabadinho Mhango atamenya chigoli chakutali chija ndi Morocco, m'mashoo monse anthu anakumbatirana osafunsana kuti kwanu n'kuti, ngakhale tinadzaluza 2-1. Mu 2010 ku Angola titachinya Algeria 3-0 zinalinso chimodzimodzi. Anthu omwewo ndi amene akutukwanana lero, nde sindivomera zoti ndi mmene alili ndipo sangasinthe.

Pali munthu mmodzi yemweyo sabata iliyonse

Mukayang'anitsitsa mupeza kuti si gulu lonse. Pamakhala mmodzi kapena awiri amene amaponya liwu kenako n'kukhala phee kumaonerera ena akukangana. Ameneyu musamalimbane naye gemu ili mkati. Mupezeni tsiku lopanda mpira, masana asanamwe, anthu awiri a komiti, mumuuze zomwe mwaona ndi masiku ake. Mukangoti mumasokoneza akana, koma mukati tsiku la dabi ya Bullets ndi Wanderers munanena zakuti kwa uje, Lachitatu pa Champions League munanenanso zakuti, amasowa pothawira. Chifukwa chake pakhale kabuku, kakope ka sukulu komweka, kolembamo tsiku, dzina ndi zomwe zinachitika. Kabukuka kamakutetezaninso inuyo tsiku lomwe wina adzanene kuti mumadana naye.

Chilango chikhale chodziwika kale ndipo chizikwera: chenjezo, kenako kutuluka tsiku limenelo, kenako kukhala kunja magemu angapo. Ndipo chilango chimene chimaluma ndi chophonya gemu yaikulu. Kumuletsa munthu masiku awiri opanda mpira wabwino sikumukhudza, koma akadziwa kuti dabi ya Blantyre kapena Manchester United ndi Liverpool akaimvera kunja kwa mpanda amaganiza kawiri.

Nthawi zina wovutayo ndi amene amagula kwambiri pa bala kapena amathandiza ya mafuta a jenereta ndipo mwini malo amaopa kumutaya. Werengani anthu omwe asiya kubwera chifukwa cha iye, muona nokha kuti ndalama yake siikufika pamenepo.

Woweruzayo naye ali ndi mbali yake

Ili ndiye vuto lomwe limagwetsa makomiti ambiri. Inuyo muli ndi timu yanu, muli ndi chipani chomwe munavotera, ndipo anthu akudziwa. Wa mbali yanu akatukwana khutu lanu limamva ngati nthabwala, wa mbali ina akanena zomwezo mumamva chipongwe. Anthu amaona zimenezi msanga kuposa mmene mukuganizira ndipo akangotsimikiza kuti malamulo ndi a mbali imodzi, palibenso amene angakumvereni.

Nde komiti isakhale ya anthu a timu imodzi kapena ochokera dera limodzi. Pakhale wa Maule, wa Manoma, wa Mabanka (Silver Strikers) ngati alipo, pakhale mayi mmodzi olo awiri chifukwa amuna ambiri amachita manyazi kutukwana mayi akawayang'ana, pakhalenso wamkulu amene dera limamulemekeza. Ndipo lamulo la mkati mwa komiti likhale loti aliyense amadzudzula wa mbali yake. Wa Bullets akalakwa amulankhule ndi wa Bullets mnzake. Akatero palibe zoti mukundizonda chifukwa cha jezi. Wa komiti mwiniwake akalakwa chilango chake chikhale chomwecho ndipo chilembedwe m'kabuku komweko. Komanso wa komiti amene ali pa ntchito tsiku limenelo asamwe mpaka gemu ithe ndipo asalowe nawo mkangano wa ndale olo atadziwa kuti zomwe zikunenedwazo ndi zabodza.

Mowa ndi kubetcha

Izi ndinena mwachidule. Munthu amene tikiti yake yafa chifukwa cha chigoli cha mphindi yomaliza amakhala ndi mkwiyo wosowa kopita, ndipo amautula pa aliyense amene akusangalala. Mukaona wina wang'amba kapepala n'kuyamba kuyang'ana uku ndi uku, khalani naye pafupi. Woledzera kale asalowe, ndipo mabotolo agalasi asamakhale m'manja mwa anthu pa gemu yaikulu, thirani m'makapu apulasitiki.

Pa basi ya masapota

Ulendo wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe kapena ku Mzuzu ndi wautali ndipo mu basi simungamutulutse munthu pakati pa msewu. Apa vuto limabwera ndi nyimbo, poti nyimbo zambiri za masapota ndi za pa misonkhano ya ndale zimafanana mayimbidwe, amangosintha mawu, nde wina akangobweza mawu a chipani aja theka la basi limayimba theka lina limakwiya. Sankhani woyambitsa nyimbo musananyamuke, munthu wa mawu amphamvu woti akamva nyimbo ikukhota ayambitse ina pamwamba pake, ng'oma n'kumutsata. Imeneyi imagwira bwino kuposa kukuwa kuti siyani. Malamulo anenedwe basi isanachoke pamalo, ndipo amene mukudziwa kuti samvana musawakhazike moyandikana. Mukamadutsa pa ma trading centre pomwe pali mbendera za zipani, mawindo asatulukire mawu onyoza chifukwa mwala ukabwera suona kuti wanena ndi ndani.

Wandale akabwera ndi thandizo

Chisankho chikayandikira amabwera ndithu, wina ndi mipira, wina ndi yunifomu, wina akufuna kukulipirirani DStv miyezi ingapo kapena kukhazikitsa bonanza ya dzina lake. Ndalama ndi yosowa ndipo kukana n'kovuta, ndikumvetsa. Koma dziwani kuti tsiku lomwe posita yake yakwera pa khoma lanu, theka la makasitomala anu ayamba kuona malowo ngati a chipani, ndipo simungathenso kuuza munthu kuti atembenuze tisheti yake. Palinso lamulo la zipani lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018 loletsa ofuna mipando kugawa zinthu pofuna mavoti, nde mukhoza kulowa m'nkhani zomwe simunaziyembekezere. Ine maganizo anga ndi oti nthawi ya kampeni musalandire. Ngati komiti yaona kuti ilandire, zikhale poyera, zilembedwe, pasakhale posita, pasakhale kulankhula pa hafu taimu, ndipo wa chipani china akabwera ndi zake alandiridwe chimodzimodzi.

Zikafika pogwirana malaya

Imitsani TV kaye. Anthu ena amaona ngati n'kulakwira osalakwa koma chithunzi chikangozima gulu lonse limatembenukira oyambanawo ndipo limakuthandizani kuwaletsa chifukwa aliyense akufuna gemu ibwerere. Atulutseni onse awiri koma osati nthawi imodzi kapena khomo limodzi, wina atsogole ndi munthu womuperekeza, winayo adikire kaye, apo ayi mwangosamutsira ndewu pa msewu. Musayambe kuweruza kuti wayamba ndani pomwepo, zimenezo ndi za mawa mitu itazizira. Wina akavulala, kapena patuluka mpeni kapena botolo loswa, imeneyo si nkhani ya komitinso, thamangitsani wovulalayo kuchipatala ndipo dziwitsani apolisi kapena a community policing a m'dera lanu. Nambala zawo zikhale zolembedwa pa khoma pafupi ndi kauntala osati mufoni ya munthu mmodzi amene mwina tsiku limenelo kulibe.

Tsiku lotsatira akhazikeni pansi onse awiri pamaso pa komiti, aliyense alankhule mnzake osamudula. Wolakwa apepese kwa amene anamulakwira ndi pakamwa pake, ndipo ngati anathyola benchi kapena kuswa kanthu alipire asanalowenso. Chilango chikatha muloleni abwerere ndipo a komiti aonetsetse kuti anthu sakumukumbutsa za tsikulo nthawi iliyonse akalowa, chifukwa mukamusiya azinyozedwa mwakonza ndewu yachiwiri. Koma amene anatulutsa chida, kapena wabwereza zotukwana mtundu wa anzake atapepesa kale, ameneyo asalowenso, ndipo eni mashoo oyandikana nanu auzidwe kuti asakangosamukira kwa iwo ndi khalidwe lomwelo.